Mlongo wanga wamwa mankhwala a TB miyezi 6 osachira, manje ati ni sarcoidosis

Amake Chisomo: Mwaswera bwanji nonse a pa gulu. Pepani ndilemba zambiri koma mtima wadzaza, ndikufuna amene anamvapo za matenda awa andithandizeko. Mlongo wanga wamng'ono wa zaka 34, amanyamula anthu pa njinga pa Saturday market, anayamba kukhosomola chaka chatha mu dzinja, chifuwa chouma chopanda makhololo, usiku wonse khoso khoso mpaka ana kudzuka. Ife tinati ni chimfine cha mvula chabe. Kenako befu, munthu amene ankakwera chitunda ndi matumba awiri a makala kumbuyo anayamba kutsika n'kumakankha njinga yopanda katundu, akafika pakhomo akhale kaye pansi phee asanalonjere munthu. Usiku thukuta bulangeti kunyowa, kuonda mpaka buluku kumanga ndi chingwe. Ku kliniki anapima makhololo kawiri pa makina aja a GeneXpert, sanapeze kanthu. Anamujambula pachifuwa ati pali zotupa pakati pa mapapo mbali zonse ziwiri, basi anamuyambitsa mankhwala a TB. Wamwa miyezi 6 yonse osadumpha tsiku, ine ndemwe ndimachonga pa khadi, mkodzo kufiira zonse zija tinaziona, koma chifuwa chilipobe. Kachilombo ka HIV wapimitsa katatu alibe.

Amake Chisomo: Manje chimene chinatiopsa ni ichi. Ali mwana agogo anamutema mphini pachifuwa ndi m'mbali mwa maso chifukwa ankadwaladwala mutu. Mphini zija zinapola kalekale zaka 30 zapita, zinali tizipsera tosaoneka n'komwe. Mwezi wa June zinayamba kutukumuka chimodzichimodzi, kulimba, kuda ngati zapsa, koma osayabwa osawawa. Amai ataona anati basi uyu wachita kulodzedwa, mankhwala akale autsidwa. Dokotala wina atamuvula malaya n'kuona mphinizo anadula kanyama kang'onong'ono n'kutumiza ku Lusaka. Ma results abwera ati sarcoidosis. Amupatsa prednisolone mapilisi 6 m'mawa uliwonse, lero ni sabata yachisanu. Chifuwa chachepa shuwa, koma nkhope yatupa yazungulira, akudya ngati sanadyepo, usiku sagona, ndipo amai akuti mawa asiye kumwa chifukwa mankhwalawo ndi amene akumutupitsa. Ndichite bwanji abale anga?

Sister Mwale: Amake Chisomo ndisanakambe china chilichonse, mawa m'mawa amwe mapilisi ake monga mwa masiku onse. Asasiye ai. Zina tikambirana pang'onopang'ono koma ichi chokha gwirani.

Dalitso: Nifunseko, ni matenda otengana? Chifukwa ine anandinyamulapo kangapo pa njinga akukhosomola

Mai Nyirenda: Pepani mayi. Dzina limeneli ine ndikuliona koyamba lero. Si khansa imeneyo?

A Zulu a ku Katete: Zikomo Amake Chisomo polemba zonse mwandondomeko, mwatithandiza. Ine ndine kilinikala ofisa, ndiyesa kufotokoza mmene ndikudziwira. Dalitso usaope, sarcoidosis sapatsirana. Osati pokhosomola, osati pa mbale, osati pogona limodzi. Mai Nyirenda si khansanso ai.
Chimene chimachitika ni ichi. Asilikali a mthupi aja amene amalimbana ndi tizilombo amasonkhana malo amodzi n'kupanga timibulu ting'onoting'ono, madokotala amati granuloma. Pa TB amasonkhana chifukwa pali kachilombo kamene akufuna kukatsekera pakati. Pa sarcoidosis amasonkhana chimodzimodzi koma mukafufuza pakati simupeza kachilombo. Timibuluto tikachuluka mu chiwalo, chiwalocho chimayamba kulephera ntchito. Mwa anthu 10 odwala matendawa, 9 kapena kuposa zimakhala m'mapapo ndi mwa anabere amene ali pakati pa chifuwa, ndizo zotupa za mbali ziwiri anaona pa X-ray zija. Koma timatha kumera pakhungu, m'maso, mumtima, m'chiwindi, mu mitsempha ya ubongo, paliponse. Amakonda kugwira anthu a mphamvu zawo, zaka 20 mpaka 50 kapena kupitirira pang'ono, ndiye msinkhu wa mlongo wanu ndi womwewo.

A Zulu a ku Katete: Za mphinizo muwauze amai kuti ni chizindikiro chodziwika bwino m'mabuku. Matendawa amakonda kukhala pa zipsera zakale, kaya cha opaleshoni, kaya tatuu, kaya mphini, chipsera chimene chinagona zaka zambiri chimadzuka n'kutupa. Dokotala amene anaona zimenezo anachita bwino kwambiri, chifukwa kudula kanyama pakhungu n'kosavuta kusiyana ndi kulowetsa paipi m'mapapo kukatenga ka mkati.

Atate a Mabvuto: Koma a Zulu tiyeni tikambe zoona. Munthu kumwa mankhwala miyezi 6 a matenda amene alibe, makhololo awiri onse akuonetsa kuti mulibe, uku si kulakwa kwa achipatala? Mnyamata wataya chaka chonse osagwira ntchito. Akanakhala mwana wa munthu wa ndalama akanamutumiza ku Lusaka mwezi woyamba omwewo.

A Zulu a ku Katete: Atate a Mabvuto kudandaula kwanu ndikukumva ndipo sindikutsutsa konse. Koma ndikuuzeni mmene zimakhalira mukakhala pa mpando uja. Kuno kwathu munthu akabwera ndi chifuwa cha miyezi, kuonda, thukuta la usiku, X-ray yosaoneka bwino, kawirikawiri imakhala TB ndithu, ndipo TB ilipo yambiri imene makhololo saonetsa, makamaka ikakhala mwa anabere kapena munthu akamalephera kutulutsa makhololo enieni. TB ukaichedwetsa imapha ndiponso imagwira ana m'nyumba. Ndiye kuyamba mankhwala a TB sikuti kunali kupusa. Pamene ine ndikuona kuti panafunika kuima n'kuganizanso ni pa miyezi iwiri. Munthu wa TB akamamwa bwino mankhwala, pofika pamenepo amakhala atayamba kudya, sikelo ikukwera, thukuta latha. Ngati palibe chasintha, tiyenera kufunsa kuti kodi ni TB yosamva mankhwala, kapena si TB n'komwe. Funso limenelo likachedwa ndiye zimafika apa. Inenso pa ntchito yanga ndaphunzirapo, sindinganame.
Ndipo chinanso, prednisolone simungampatse munthu musanatsimikize kuti TB mulibe, chifukwa amagonetsa asilikali a mthupi, TB ikakhalamo imayaka ngati moto wa m'tchire mu October. N'chifukwa chake kanyama kaja kanali kofunika. Pa maikulosikopu timibulu ta TB nthawi zambiri timakhala toola pakati ngati chambiko, ta sarcoidosis timakhala tolimba mpaka mkati.

Atate a Mabvuto: Ndamva. Koma ife odwala tiziuzidwa kuti pa miyezi iwiri tizifunsa, chifukwa ambiri timangolandira mapilisi pawindo n'kumapita.

Sister Mwale: Zoona zimenezo, funsani ndithu, ni ufulu wanu. Tsiku la sikelo nenani kuti sister ine sindikuona kusintha.
Manje ndibwerere ku nkhani ya kusiya mapilisi chifukwa ndiyo ikundisowetsa mtendere. Amake Chisomo muwafotokozere amai chonchi. Pamwamba pa impso zonse ziwiri pali tiziwalo ting'onoting'ono timene timapanga mankhwala achilengedwe ofanana ndi prednisolone, amene amagwira BP ndi shuga kuti munthu aime. Munthu akamamwa prednisolone masabata angapo tiziwalo tija timaona kuti ntchito akugwira ena, timagona. Mukasiya mwadzidzidzi, mapilisi kulibe, tiziwalo tili mtulo, thupi limatsala lopanda kanthu. Munthu amafooka, kusanza, chizungulire, BP kugwa, ena amakomoka mpaka kutaya moyo. Masabata asanu pa mapilisi 6, amene ni 30mg ngati ali aja a 5mg, ni nthawi yokwana kuti zimenezi zichitike. Ndiye amatsitsa pang'onopang'ono, 6, kenako 5, kenako 4, dokotala ndiye amanena liti, mpaka tiziwalo tija tidzuke. Zonse pamodzi zimatenga miyezi yambiri, ena mpaka chaka kapena kuposa. Nkhope yozungulira ija ni ya mankhwala shuwa, amai sananame, koma imaphwa mapilisi akamachepa.

Amake Chisomo: Sister zikomo kwambiri, ndawerenga mokweza amai ali pompano pa mphasa. Angoti hmm. Akufunsa ati nanga chinayambitsa n'chiyani ngati si munthu? Chifukwa kwathu kulibe anadwalapo zotere.

A Zulu a ku Katete: Muwapatse moni amai. Yankho loona ni lakuti chimene chimayambitsa sichinapezeke mpaka lero, ngakhale ku mayiko a azungu kumene aphunzira matendawa zaka zoposa 100. Zimene akuganiza n'zakuti munthu amabadwa ndi thupi lofulumira kukwiya, ndiye akapuma chinthu china, kaya fumbi, kaya chuku, kaya mankhwala opopera, asilikali aja amadzuka n'kulephera kubwerera. Nthawi zina amapezeka awiri pa banja limodzi koma ambiri amakhala okha ngati mlongo wanuyu. Ku Sweden matendawa ni ambiri, ku America amagwira kwambiri anthu akuda ndipo amawavuta kuposa azungu. Ndiye amai aone kuti si za pa mudzi pathu pokha.

Dalitso: Nawerengako manje manje pa foni. Ati ozimitsa moto a ku New York amene anapuma fumbi pamene nyumba zitalizitali zija zinagwa mu 2001, angapo anadwala matenda yamene aya pambuyo pake. Na uja wa nthabwala Bernie Mac anali nayo zaka zambiri, anamwalira mu 2008. Manje ine nikuganiza fumbi ya mu Chipata mu August na September, anyamata a njinga amapuma tsiku lonse kumbuyo kwa ma truck

A Tembo aphunzitsi: Dalitso mwana wanga, pokamba za omwalira uziyang'ana kaye amene akuwerenga. Pano pali mayi amene mwana wake akudwala.
Ine ndapuma ntchito koma kuwerenga sindinasiye. Matendawa anayamba kuwalemba ndi dokotala wa ku London, Jonathan Hutchinson, mu 1877, ataona zotupa pakhungu la munthu wina. Mu 1899 dokotala wa ku Norway, Caesar Boeck, ndiye anapereka dzina, kuchokera ku mawu a Chigiriki onena za mnofu, chifukwa poyang'ana anaona ngati zikufanana ndi chotupa cha khansa chotchedwa sarcoma. Ndiye Mai Nyirenda simunalakwe kufunsa, dzinalo limamveka choncho, koma anadzaona kuti si khansa. Ndalemba izi kuti amai athu adziwe kuti matendawa ali ndi mbiri, agogo a agogo athu asanabadwe analipo kale.

Dalitso: Pepani a Tembo, pepani amake Chisomo, sininaganize bwino

A Zulu a ku Katete: Zili bwino Dalitso. Ndionjezere kuti amai asagone ndi mantha, oposa theka la odwala matendawa amachira mkati mwa zaka ziwiri kapena zitatu, ena osamwa n'komwe mankhwala. Ena amakhala nawo nthawi yaitali akumwa mankhwala n'kumagwira ntchito zawo. Ochepa ndi amene mapapo amauma ndi zipsera kapena mtima kugwidwa, ndipo n'chifukwa chake timalondola munthu mosalekeza. Za fumbi la mu tauni sindinganene kuti ndilo, anyamata a njinga ndi ambiri ndipo sadwala onse, koma munthu amene mapapo ali kale ndi vuto atalikirane ndi fumbi, utsi wa mbaula m'nyumba yotseka, chigafa cha fodya, chimanga cha chuku, ndipo fodya wosuta ayi ndithu.

Nabanda: Ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito. Amake Chisomo ine kwathu ni ku Chadiza koma ndikhala ku Lusaka, ndipo matenda amenewa ndinadwalapo ineyo. Kwa ine anabwera mwaukali sabata imodzi chabe, akakolo onse awiri kutupa osatha kuvala nsapato, pamisongolo kutuluka zotupa zofiirira zotentha, kungokhudza ndi chitenje ndimalira, thupi kutentha ngati malungo koma malungo osapezeka. Anandijambula anapeza anabere a pachifuwa atupa mbali zonse ngati mmene mwanenera. Mwayi wanga ndinakumana ndi dokotala amene anazindikira msanga, anati mtundu uwu amautcha Löfgren ndipo kawirikawiri umatha wokha. Anapimabe TB kaye. Sanandipatse prednisolone, ma painkiller chabe ndi kupumula miyendo ili m'mwamba, ndimapita miyezi itatu iliyonse kukajambulitsa. Chaka chisanathe X-ray inayera. Koma chimene sindidzaiwala ni kutopa. Kutopa kwake si kwa munthu amene walima, ni kodzuka nako m'mawa, kusamba kokha ukhale pansi. Anthu amaona ngati ulesi chifukwa kunja ukuoneka bwinobwino, apongozi anga anafika ponena kuti mkazi uyu safuna ntchito, ndinalira ndekha kangapo ku bafa. Ndiye mlongo wanu akati ndatopa mumukhulupirire.

Amake Chisomo: Nabanda mwandiliza. Ndi mmene alili ndendende. Ndipo pali china sindinanene. Chiyambire mankhwala a TB aja ali ndi mbale yake, kapu yake, sipuni yake tinamanga kansalu kofiira kuti isasokonekere. Mlamu wanga anatenga mwana kupita kwao ku Chiparamba, akwao anati asakhale pafupi. Ma neba amanong'ona kuti ni kachilombo akubisa, makasitomala ake akale akamuona amapita pa njinga ina. Iye salankhula zambiri koma tsiku lina anandifunsa kuti alongo kodi ine ndidzadyanso nanu mbale imodzi? Ndinasowa choyankha.

Sister Mwale: Lero lomwe masulani kansalu kofiirako. Adye ndi anzake nsima imodzi, anyamule mwana wake. Ngakhale ikanakhala TB yeniyeni, siyenda pa mbale, imayenda mu mpweya, ndipo munthu akamwa mankhwala bwino masabata ochepa amasiya kupatsira. Nkhani ya mbale iyi yazunza anthu ambiri pachabe. Ndipo iye ndiye ofunika kumuteteza manje, chifukwa prednisolone wamutsitsa chitetezo, munthu wa chifuwa kapena mwana wa nthomba asamuyandikire.

Amai Abusa: Amake Chisomo tikukupemphererani, ndipo Lachinayi amai a chigwirizano tingabwere kudzamuona ngati mulola. Ndikufuna ndinene poyera pano chifukwa ndaona zambiri, pemphero ndi mapilisi sizilimbana. Wina akabwera kunena kuti taya mankhwala kuti uonetse chikhulupiriro, ameneyo musamutsegulire chitseko. Za mlamu wanu, ngati mufuna ine ndi abusa tingapite ku Chiparamba kukakhala pansi ndi akwao, nthawi zina mawu omwewo akachokera kwa munthu wapadera amamveka.

Amake Chisomo: Bwerani mayi, tidzakondwa. Za ku Chiparamba ndiyambe ndakamba ndi atsibweni chifukwa ndiwo ankhoswe, ndikuuzani.

Agogo a Tamara: Ine langa ni limodzi. Wodwala chifuwa amafunika mkaka wambiri ndi kuothera dzuwa m'mawa mpaka masana kuti mafupa alimbe. Mwana wanga anandigulira ma vitamin D ndi calcium ku pharmacy a mawondo, botolo lina lilipo losatsegula, ndingakupatseni.

A Zulu a ku Katete: Agogo mtima wanu ni wabwino ndipo pa matenda ena mukanakhala mwalondola, prednisolone amafooketsadi mafupa. Koma pa awa botolo limenelo lisungeni kaye. Timibulu tija tili ndi khalidwe lina lachilendo, timasandutsa vitamin D kukhala wamphamvu kwambiri, ndiye thupi limakoka calcium wambiri kuchokera mu chakudya. Kwa odwala ena calcium amachuluka m'magazi ndi mu mkodzo mpaka kupanga miyala mu impso kapena kuononga impso zimene. Dzuwa lambiri ndi mapilisi a vitamin D zimaonjezera moto. Si onse ai, koma sitingadziwe tisanapime. Ndiye Amake Chisomo pa review mufunse kuti calcium anapima? Ngati ali bwino dokotala ndiye anene zoti amwe. Kapu ya mkaka pa tiyi si mlandu, koma osachita kumukhazika padzuwa tsiku lonse. Mukaona ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kudzimbidwa, kusokonezeka mutu, thamangani naye, ikhoza kukhala calcium kapena shuga amene prednisolone amakweza, zonse ziwiri amapima magazi.

Agogo a Tamara: Ooh zikomo mwana wanga, ndikanamupweteka mwana wa eni ndikuyesa ndikuthandiza.

A Phiri a ku Lundazi: Ndakhala ndikuwerenga chete koma ndiyenera kulankhula. Amai a kunyumba kwanga ali ndi matenda amenewa chaka chachinayi tsopano, iwo ni aja osatha msanga. Chimene ndikufuna mumve ni maso. Ife tinkangoyang'ana chifuwa, iwo ankanena kuti diso lakumanja likuwawa akaona kuwala, likufiira, akuona tinthu takuda tikuyandama. Tinagula mankhwala odontheza pa shopu, tinati ni fumbi. Miyezi inapita. Pamene tinafika kwa dokotala wa maso anati kutupa kuli mkati mwa diso ndipo kwaononga kale, lero disolo limaona mbuu ngati pali nkhungu ya m'mawa. Linalo analipulumutsa. Anatiuza kuti aliyense wopezeka ndi sarcoidosis ayenera kupimidwa maso pa makina aja oika chibwano, ngakhale asakumva kalikonse, chifukwa nthawi zina zimadya mwakachetechete. Inu muli pafupi, ku chipatala cha Mwami kuli a maso, ku Chipata Central kulinso. Musadikire ngati ine. Mpaka lero ndikawaona akulowetsa ulusi mu singano mopendeka mutu mtima umandipweteka.

A Phiri a ku Lundazi: Za mankhwala, iwo prednisolone anawakweza shuga ndi BP, ndipo akatsitsa chifuwa chimabwerera, ndiye anawaonjezera methotrexate. Ameneyo amamwa kamodzi pa SABATA, osati tsiku lililonse, ndalemba zikuluzikulu dala chifukwa anatichenjeza kuti kumwa tsiku ndi tsiku kumapha. Ife tinasankha Lamlungu tikabwera ku tchalitchi, folic acid tsiku lina. Mowa ayi, mimba ayi chifukwa amaononga mwana, ndipo magazi apimidwe pafupipafupi kuona chiwindi. Chiyambire pamenepo prednisolone watsika kufika piritsi limodzi, nkhope inabwerera, akugulitsanso nyemba zawo pa msika. Ndiye ngati mlongo wanu zingadzavute pa prednisolone dziwani kuti njira zina zilipo.

Amake Chisomo: A Phiri mwandidzidzimutsa. Masabata awiri apitawa wayamba kuvala kapusi ndi kutsinzina akatuluka panja, ati dzuwa likumulasa diso lakumanzere. Ine ndinati ni kusagona.

Sister Mwale: Mawa lomwe mupite naye, musadikire tsiku la review. Tengani pepala la ma results ndi mapilisi onse mu jumbo.

A Zulu a ku Katete: Ndikugwirizana ndi sister. Ndipo poti mukupita kale pemphaninso ECG, kaja amamata timawaya pachifuwa, sikatenga mphindi 10. Mtima sugwidwa mwa ambiri koma ukagwidwa ni woopsa, timibulu timadula njira ya magetsi a mtima. Mumufunse ngati mtima umathamanga wokha ali khale, kapena kudumpha, kapena anagwapo chikomokere. Akati inde munene kwa dokotala mawu omwewo. Chinanso mukadzaona mbali imodzi ya nkhope yagwa, pakamwa papotoka, diso losatsekeka, anthu amathamangira kunena sitiroko kapena kuti wamenyedwa mbama ndi mfiti, koma matendawa amatha kugwira mtsempha wa nkhope, chipatala msanga. Sindikunena kuti zidzachitika ai, ndikungofuna muzidziwe.
Mapilisi azimwa m'mawa atadya, asamwe madzulo ndiye tulo timasowa. Brufen ndi diclofenac asagule yekha, pamodzi ndi prednisolone zimabowola m'mimba. Mchere ndi shuga achepetse, njala ija ikamuvuta mumpatse ndiwo zamasamba zambiri, nyemba, nsinjiro pang'ono, osati zitumbuwa ndi ma drink.

Mai Nyirenda: Nanga ndalama zonsezi? Munthu sakugwira ntchito chaka chonse. Admin tingasonkheko kangachepe?

Admin: Ganizo labwino. Amene ali nako atumize kwa ine, ndilemba maina ndi ndalama pano poyera monga tinachitira pa maliro aja. Amake Chisomo muonenso ngati ali pa NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo ija, ngati sanalembetse pitani ku ofesi mukafunse, zina zopima zingapepuke.

*Patapita masiku 9*

Amake Chisomo: Mwadzuka bwanji abale. Ndabwera kudzakuuzani mmene tayendera. Tinapita kwa a maso tsiku lotsatira lomwe, anamuika pa makina aja a chibwano, anapezadi kutupa mkati mwa diso lakumanzere koma ati tafika nthawi yabwino. Amupatsa todontheza tiwiri, kena ka maola ochepa alionse kena kokulitsa kamwana ka diso, poyamba amaona mbuu koma manje kulasa kuja kwachepa, tibwereranso Lachiwiri. A Phiri Mulungu akudalitseni inu ndi amai a kunyumba. ECG ati ili bwino. Shuga wakwerako pang'ono, ati tiyang'anire chakudya tidzapimenso. Calcium anatenga magazi ma results sanatuluke. Mapilisi atsitsa afika 5.
Amai ndiwo asanduka owerenga mapilisi, m'mawa uliwonse amayala pa chivindikiro cha poto, kuwerenga ndi chala, kumuyang'ana mpaka ameze. Za kulodzedwa sanasiyiretu, dzulo ndinawamva akuuza anzawo kuti zonse ziwiri zingatheke, koma ine bola akumwa. Kansalu kofiira ndinamasula usiku womwe uja, tinadya nsima ya chibwabwa chotendera tonse mbale imodzi, iye anadya akuyang'ana pansi osalankhula, atamaliza anapita kuseri kwa nyumba kanthawi. Atsibweni ndi Amai Abusa anapita ku Chiparamba Loweruka, mlamu abwera ndi mwana kumapeto kwa mwezi akamaliza kukumba nshawa.
Funso lake manje ni njinga, ati ayambe liti?

A Zulu a ku Katete: Nkhani yabwino kwambiri iyi. Za njinga asafulumire koma asangokhalanso pansi, prednisolone amafooketsa ntchafu munthu akamangogona. Ayambe kuyenda pansi m'mawa kusanatenthe, lero mpaka pa mjigo, mawa kupitirira pang'ono. Akamatha kuyenda mphindi 30 akulankhula osabanika, ayese njinga yopanda munthu pamalo osalala. Zonyamula anthu ndi makala adikire ayambe wapuma mu makina opima mphamvu ya mapapo, dokotala aone manambala. Kodi anakupatsani tsiku la zimenezo?

Amake Chisomo: Inde atilembera kalata ya ku UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka, kukaonana ndi a mapapo, kupuma mu makina ndi CT scan, pa 14 mwezi wa mawa. Ndalama mwasonkha zija zakwana basi ya anthu awiri kupita ndi kubwera, zikomo nonse ndilibe mawu. Chovuta ni kogona chabe, ku Lusaka tilibe wachibale.

Nabanda: Kogona musavutike, mufikira kwa ine, chipinda cha ana chilipo. Kwerani ya m'mamawa kuti mufike kusanade, mutenge juzi chifukwa m'basi mumazizira, ndipo mapilisi ndi todontheza zikhale mu kachikwama ka m'manja osati mu katundu wa pansi, adzafunika kumwa muli pa njira musanafike pa Luangwa. Mubweretse ma X-ray onse akale ndi khadi la TB lija, adzafuna kufananiza.

Amake Chisomo: Zonse zili mu envulopu imodzi kale. Nditumizireni nambala ku inbox, tikadutsa Chongwe ndidzakuimbirani kuti mutipeze pa Intercity.